Ndinachoka pakhomo kawiri ndili ndi zaka 16

Ndinachoka pakhomo pa mayi anga kawiri m'chaka chimodzi, chaka cha 2018, ndili ndi zaka 16 komanso ndili Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya kwathu m'chigawo chapakati. Ulendo woyamba ndinathawa mbandakucha, zovala zili m'jumbo, ndipo patatha milungu itatu ndinabwezedwa pakhomo pomwepo nditaonda, ndili ndi manyazi, nditapatsidwanso dzina loti mwana wosamva. Ulendo wachiwiri ndinatuluka masana anthu akuona, nditaperekezedwa ndi mlangizi woteteza ana wa m'dera lathu, ndipo sindinagonenso m'nyumba imeneyo. Vuto lomwe linandichotsa linali limodzimodzi maulendo onse awiri, koma paulendo wachiwiri nkhani yanga inali italembedwa kale m'buku la boma ndisanatuluke pakhomo. Lero ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo chaka chilichonse pamapezeka mwana, wamkazi kapena wamwamuna, yemwe amatsalira anzake akaweruka kuti andifunse motsitsa mawu ngati lamulo limalola mwana kuchoka kwa makolo ake. Ndikulemba zimene ndimawayankha, pamodzi ndi mmene ndinazidziwira.

Bambo anga anamwalira mu 2013. Anali mesenjala pa ofesi ina ya boma, ndipo anatisiya awiri, ine ndi mlongo wanga wamng'ono. Patapita zaka ziwiri mayi anakwatiwanso, natengedwa chitengwa kupita kumudzi kwa amuna awo, ife tili pambuyo. Chaka choyamba panalibe cholakwika chachikulu. Zinthu zinasintha pamene bambo otipezawo anakongola matumba anayi a feteleza kwa mkulu wina wogula mbewu pa msika wa kwathu, mvula n'kudula chimanga chikumasula, ngongole n'kutsala. Kachasu anachuluka pakhomo, ndipo mkwapulo unkagwera aliyense amene wapezeka pafupi, makamaka ine chifukwa ndinkayankha mayi akamamenyedwa. Kenako fizi yanga inasiya kulipiridwa, ndipo madzulo ena ndinamva ndili kuseri kwa nkhokwe kuti wogula mbewu uja, munthu wa mitala yemwe mwana wake woyamba anali mnzanga wa m'kalasi, wavomera kuiwala ngongole ngati atandipereka kwa iye tikakolola. Mayi anga sanali munthu wankhanza, ndipo sindifuna kuti wowerenga awaone choncho. Anali ndi khanda kumsana, anali kumudzi kwa eni, ndipo atandiuza kuti "Mwanawe, pirira, ukwati si imfa," ankalira.

M'mudzi mwathu munkafika mayi wina yemwe ankadziwika kuti amapezera atsikana ntchito za m'nyumba ku Lilongwe. Ndinamupeza pachigayo, ndinamuuza kuti ndikufuna kupita, ndipo sanandifunse zaka zanga kapena ngati makolo akudziwa. Anandisiya pa nyumba ina ya mpanda kumene anandilonjeza malipiro a pamwezi, koma tsiku lomwelo kafoni kanga analanda ponena kuti kandisokoneza pantchito, ndipo ndinauzidwa kuti malipiro a miyezi iwiri yoyamba apita kwa mayi uja kubweza ndalama ya basi ndi ya khama lake. Ndinkadzuka nthawi ya 4 koloko, ndinkagona pakhonde la kukhitchini, ndipo mlungu wachitatu bambo a pakhomopo anayamba kundipeza kumeneko usiku ndi mawu omwe mtsikana aliyense amawazindikira. Chinandipulumutsa ndi chakuti mayi anga anakanena ku polisi kuti mwana wasowa, mayi wopeza ntchito uja anachita mantha n'kuulula komwe anandisiya, ndipo ndinatengedwa.

Cholakwa changa chachikulu ndinachichita tsiku limenelo, ndipo ndikupempha mwana aliyense wowerenga izi kuti asachibwereze. Pa polisi ndinafunsidwa chifukwa chomwe ndinathawira, koma ndinafunsidwa bambo ondipeza aja atakhala pa benchi yomweyo, akundiyang'ana. Ndinangoti ndimafuna ndalama za sopo. Wapolisi analemba zomwezo, anandilangiza kuti ndizimvera makolo, ndipo tinabwerera kumudzi pa njinga yakabaza. Pamaso pa lamulo palibe chimene chinasintha: ondiyang'anira anali omwewo, nkhanza sizinalembedwe paliponse, ndipo tsopano panali umboni woti wovuta ndine. Ndikanangonena kuti "Ndikupempha kulankhula nanu pandekha," kapena kupempha kuti andipititse ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa imene anthu amaitchula kuti Victim Support, nkhani yanga ikanatha tsiku lomwelo. Sindinkadziwa kuti mwana angapemphe zimenezo. Nditafika kumudzi ndinamenyedwa kuposa kale, ndipo tsiku londipereka kwa wogula mbewu linafupikitsidwa poopa kuti ndithawanso.

Amene anatsegula njira anali aphunzitsi anga a Chichewa, mayi wachikulire yemwe ankayang'aniranso kalabu ya atsikana. Ataona zipsera m'mikono mwanga sanandifunse pagulu. Anandituma kuti ndikawasiyire makope kunyumba kwawo, ndipo kumeneko anandikhazika pamkeka n'kundiuza kuti, "Mwana wanga, undiuze zonse, ndipo usachotsepo kanthu pofuna kuteteza munthu." Nditamaliza anandipatsa foni yawo kuti ndiyimbe 116. Imeneyi ndi nambala yaulere yothandiza ana m'Malawi, yotchedwa Tithandizane, imene imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO lomwe likulu lake lili ku Zomba, mogwirizana ndi boma. Palinso 5600 ya nkhani za nkhanza zochitikira amayi ndi atsikana. Yemwe anayankha anandifunsa zinthu zitatu zomwe ndikuzikumbukirabe: zaka zanga, ngati ndingagone kunyumba usiku umenewo popanda choopsa, komanso ngati pali wachibale wamkulu yemwe ndimamukhulupirira. Funso lachitatulo ndilo linali pakati pa nkhani yonse, ngakhale nthawi imeneyo sindinamvetse chifukwa chake.

Ndinalimvetsa mawa lake pa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya paboma, imene ambiri amangoti kwa a Social Welfare. Ine ndinapitako ndi ganizo loti boma lindipatse kalata yondimasula kwa makolo kuti ndizikhala pandekha. Ana a masiku ano amabwera kwa ine ndi ganizo lomwelo ataliona pa TikTok kapena pa Facebook, chifukwa m'madera ena a ku America, monga California, mwana wa zaka 14 akhoza kupempha khoti kuti limuyese wamkulu ngati akukhala payekha makolo akudziwa komanso akudzipezera ndalama mwachilungamo, ndipo ku Scotland munthu wa zaka 16 amatha kuchoka pakhomo mwa kufuna kwake. Mayi yemwe anandilandira pa ofesiyo anandiuza mosabisa kuti lamulo lathu la ana silinaike njira yotero. Anati, "Iwe, kuno palibe pepala lokusandutsa munthu wamkulu usanafike 18. Chimene tingachite ndi kukuchotsa m'manja mwa amene akukuzunza n'kukuika m'manja mwa wina amene angakusamale. Ndiye tiuze, manja amenewo ndi a ndani?" Poyamba ndinakhumudwa, chifukwa ndinkafuna ufulu, osati kusintha wondilamulira. Pano ndimaona kuti lamuloli linalondola, popeza milungu itatu ya ku Lilongwe inali itandionetsa kale mmene ufulu wa mwana wopanda wamkulu womuyankhira umathera.

Lamulo lomwe ankagwiritsa ntchito ndi la 2010, lotchedwa Child Care, Protection and Justice Act. Ine ndinali ndi nkhawa chifukwa mnzanga wina anali atandiuza kuti ukakwana zaka 16 boma silikuwerengeranso ngati mwana, ndipo ananena zoona pang'ono, popeza lamulo limeneli linalembedwa ponena kuti mwana ndi munthu wosakwana zaka 16. Koma mu February 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo anasintha malamulo aakulu oyendetsera dziko kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18, ndipo malamulo aakuluwo ali pamwamba pa lamulo lina lililonse. Kusintha kumeneku kunachitika chaka chimodzi chokha nkhani yanga isanafike pa ofesi ija, ndipo kawirikawiri ndimaganizira atsikana a zaka 16 ndi 17 omwe anafika pa zitseko zomwezo kale n'kupeza lamulo likuwaona ngati akuluakulu.

M'lamulo la 2010 muli mndandanda wa ana omwe amatchedwa ofunika chisamaliro ndi chitetezo. Mulimo mwana yemwe wavulazidwa m'thupi kapena mumtima, kapena kugwiriridwa, ndi kholo, womuyang'anira kapena wachibale, komanso yemwe zikuonekeratu kuti zimenezi zimuchitikira. Mulimo mwana yemwe kholo lake likudziwa za nkhanzazo koma silikumuteteza, yemwe akumanidwa chakudya, zovala, pogona kapena chithandizo cha kuchipatala, ndi yemwe alibe womusunga. Mulinso, ndipo ichi ambiri sachidziwa, mwana yemwe mkangano wa pakati pa iye ndi makolo wafika posokoneza banja kwambiri mpaka kumuvulaza mumtima. Mwana wotere akhoza kutengedwa ndi wapolisi, wa zachisamaliro cha anthu, mfumu, ngakhale munthu wamba wa m'mudzi, n'kuikidwa pamalo otetezeka mongoyembekezera, ndipo lamulo limati akaonekere ku khoti la ana pasanathe maola 48. Limaikanso udindo woulula nkhanza pa achipatala, achibale, osamalira ana ndi anthu a m'mudzi, kotero kuti aphunzitsi anga aja sanali kulowerera za m'banja la eni monga ena anawanenera, koma ankachita zimene lamulo limafuna kwa munthu wamkulu aliyense.

Manja omwe ndinatchula anali a azakhali anga, alongo awo a malemu bambo, omwe ankagulitsa kaunjika paboma. Anali atandiuzapo kale pamaliro ena kuti zikadzavuta ndidzapite kwa iwo, ndipo ataitanidwa ku ofesi anadzudzula kuti bwanji sindinangothawira kwawo m'malo mopita ku Lilongwe. Yankho lomwe anapatsidwa liyenera kumveka kwa achibale, aneba, azibusa ndi aphunzitsi onse a mtima wabwino. Lamulo lomwelo limati munthu wotenga, wosunga kapena wobisa mwana mosavomerezeka, popanda chilolezo cha kholo kapena cha womuyang'anira, akhoza kumangidwa zaka 10. Tanthauzo lake si lakuti mwana akagogoda pachitseko panu usiku akutuluka magazi mumubweze. Mulandireni, koma kukacha mukanene kwa amfumu, ku polisi kapena kwa a Social Welfare kuti mwana wakutiwakuti ali kwa inu ndipo wabwera pa chifukwa chakuti. Mukamubisa mwezi wathunthu mukuganiza kuti mukumuteteza, mumapatsa wozunzayo mpata wokasuma kuti mwamubera mwana, ndipo mlandu umatembenukira kwa inu. Azakhali anga analembedwa m'buku ngati malo anga otetezeka, ndipo bambo ondipeza atabwera kudzachita phokoso pageti, panali kalata yowaonetsa.

Tisanapite kwa azakhali tinadzera ku Victim Support, kumene ndinafunsidwa pandekha ndi wapolisi wamkazi, ndipo anandipatsa kalata yopita nayo kuchipatala kuti adokotala alembe za mabala. Zipsera zimapola ndipo pofika tsiku la khoti sizioneka, choncho lipoti la kuchipatala ndilo limayankhula. M'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu muli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene dokotala, wapolisi, wa zachisamaliro cha anthu ndi mlangizi amapezeka pamodzi kuti mwana asamafotokoze nkhani yowawa kanayi m'maofesi anayi. Kwa amene wagwiriridwa, nthawi ndi yofunika kuposa manyazi, chifukwa mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72.

Sindikufuna kunamiza aliyense kuti zonse zinayenda monga zinalembedwera. Maola 48 aja kwa ine anakhala masiku asanu ndi anayi. Tsiku lina ofesi inalibe mafuta a njinga yamoto yopitira kumudzi kukafufuza, ndipo azakhali anatulutsa ndalama ya mpamba wawo kulipira kabaza. Tsiku lina tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kuuzidwa kuti fayilo sikuoneka. Ndinalira, ndipo ndinatsala pang'ono kunena kuti zisiyeni. Aphunzitsi anga ndiwo anandiphunzitsa kusunga kope laling'ono lolembamo tsiku, dzina la yemwe ndalankhula naye, zimene walonjeza ndi tsiku lobwereranso. Ndinaona ndekha kuti munthu wa mu ofesi akaona mwana akutsegula kope n'kuwerenga kuti "Lachiwiri munanena kuti tibwere lero," amadzuka pampando. Ofesi imodzi ikagona, pali kwina kodandaula: kwa mkulu wa polisi wa paboma, kwa bwanamkubwa, ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, kapena ku Legal Aid Bureau, nthambi ya boma yopereka maloya kwa anthu osatha kulipira.

Khoti la ana silinali monga ndinkaliganizira. M'mizinda ya Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu muli makhoti a ana oima paokha, ndipo m'maboma ena majisitireti wa pomwepo amakhala ngati khoti la ana tsiku la nkhani zotere. Anthu ongobwera kudzamvera anatulutsidwa, oweruza sanavale mkanjo, wapolisi anali m'zovala wamba, ndipo ndinauzidwa kuti dzina langa silingalembedwe m'nyuzipepala. Anawerenga lipoti la a Social Welfare ndi la kuchipatala, anamva mayi anga, anamva azakhali, kenako anatembenukira kwa ine n'kundifunsa kuti ndikufuna kukhala kuti ndipo chifukwa chiyani. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuti munthu wamkulu wa udindo andifunse funso limenelo n'kudikira yankho. Lamulo silinena kuti khoti lichite chilichonse chimene mwana wanena, koma limati maganizo ake amvedwe ndipo chigamulo chitsate zomwe zingamukomere mwanayo. Khoti likhoza kubwezera mwana kwa makolo atasayina kuti amusamala, a Social Welfare akuwayendera. Likhoza kumupereka kwa munthu woyenera, kwa banja lomulera, kapena kumalo osungira ana ovomerezeka. Kwa ine linalamula kuti ndikhale m'manja mwa azakhali, ndibwerere kusukulu, ndipo mayi azindiona nthawi iliyonse angafune, koma kwa azakhaliko.

Za ukwati uja oweruza sanachedwe nazo. Lamulo la maukwati la 2015, lotchedwa Marriage, Divorce and Family Relations Act, linaika zaka 18 kuti ndizo zolowera m'banja, ndipo kusintha kwa 2017 kunachotsa mpata womwe unalipo woti wa zaka 15 akwatiwe makolo akavomereza. Lamulo la ana limaletsa kukakamiza mwana kukwatiwa kapena kutomeredwa, limaletsanso kupereka mwana ngati chikole cha ngongole, ndipo chilango chake ndi zaka 10 kundende. Nkhani ya bambo ondipeza ndi wogula mbewu uja inapita ku khoti la akuluakulu, ndipo sindiyifotokoza pano. Chomwe ndikufuna atsikana amve ndi china: ambiri amene ndimalankhula nawo sakukakamizidwa, koma akuganiza okha zothawira kwa chibwenzi poyesa kuti ukwati ndi khomo lotulukira pakhomo pa nkhanza. Ukwati wotero lamulo siliuzindikira, mwamunayo akhoza kumangidwa, ndipo mafumu ambiri amauthetsa, monga anachitira Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza imene inatchuka dziko lonse pothetsa maukwati a ana ochuluka ndi kuchotsa nyakwawa zowaloleza. Mtsikanayo amabwezedwa komwe anachoka, nthawi zambiri ali ndi pakati, vuto loyamba lija likumudikira.

Funso lomwe linkandisowetsa tulo linali la ndalama, popeza azakhali anali ndi ana awo anayi. Apa ndinaphunzira zinthu ziwiri. Choyamba, kuchoka pakhomo mwalamulo sikuchotsa udindo wa kholo wopereka chisamaliro, ndipo pempho loti khoti lilamule kholo kupereka ndalama likhoza kuperekedwa ndi mwana mwiniwake, wachibale, mphunzitsi, wachipatala, wapolisi kapena wa zachisamaliro cha anthu. Izi n'zothandiza kwambiri kwa ana omwe bambo awo ali moyo, ali pantchito, koma anawataya atakwatira kwina. Mayi anga analibe ndalama, ndipo anagwirizana zopereka thumba la chimanga akakolola. Chachiwiri chinandidabwitsa. Mayi wa ku ofesi uja atamva kuti bambo anga anali ogwira ntchito m'boma, anafunsa za chuma cha masiye, ndipo zinapezeka kuti gawo langa ndi la mlongo wanga pa ndalama za malemu linasungidwa ku ofesi ya bwanamkubwa chifukwa tinali ana, ndipo womusunga mwana akhoza kupempha kuti azitapako za fizi. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye, lotchedwa Deceased Estates Act, limaika ana ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu patsogolo, ndipo kulanda chuma chawo ndi mlandu. Ndalamazo sizinali zambiri, koma zinandifikitsa pa mayeso a MSCE mu 2019. Mwana wamasiye aliyense afunse funso limeneli, chifukwa achibale ena amadziwa koma sanena.

Pa za ntchito ndinena mwachidule, popeza ndinalawa. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa zaka 14 mpaka 18 sayenera kugwira ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yomulepheretsa sukulu. Ganyu wa pa tchuthi ndi wina, koma munthu wokuuza kuti usauze aliyense, wokulipirira basi, wokulanda foni kapena chitupa, si wokuthandiza. Zimenezi n'zomwe lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu limalimbana nazo, ndipo wozembetsa mwana akhoza kumangidwa zaka 21. Pa benchi ya ku ofesi ija ndinakhala limodzi ndi mnyamata wa msinkhu wanga yemwe anathawa mayi omupeza n'kukathera pa esiteti ya fodya, ataweta ng'ombe ndi kusoka fodya nyengo yathunthu osalandira kanthu. Anyamata amavutika kuulula kuposa ife, chifukwa amauzidwa kuti mwamuna salira, koma lamulo limene linanditeteza ine linamuteteza iyenso mofanana.

Si mwana aliyense wofuna kuchoka pakhomo amene akuzunzidwa, ndipo ndikanakhala wabodza ndikanauza ana a m'kalasi mwanga kuti khoti lidzawachotsa chifukwa alandidwa foni, aletsedwa kuyenda usiku kapena akakamizidwa kupita kumunda Loweruka. Makolo ali ndi udindo wolangiza, ndipo khoti silichotsa mwana pa zifukwa zotere. Komabe pali ana ambiri omwe ali pakati: samenyedwa, koma pakhomo palibe mtendere, mayi owapeza sawalankhula, kapena atenga pakati ndipo bambo awo sakufuna kuwaona. Kwa amenewa njira yachidule ndi yomwe makolo athu ankaidziwa kale, yoti mwana akakhale kwa agogo, kwa amalume kapena kwa azakhali makolo atavomereza. Njirayi ndi yovomerezeka ndipo sifuna khoti. Chofunika ndi kupeza wamkulu woti akakuyankhulire, kaya ndi mwini mbumba, ankhoswe a banjalo, amfumu, akuluampingo kapena amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulu, chifukwa pempho lomwe kholo lingakane likachokera kwa mwana limalivomera likachokera kwa mlongo wake. A Social Welfare nawonso amayanjanitsa mabanja popanda kutsegula mlandu. Sukulu yogonera konko ndi njira inanso yabwino kwa amene angaipeze. Za selofu, kumene ana amachita lendi tizipinda pafupi ndi sekondale n'kumadziphikira, ndili ndi mantha nazo, chifukwa ndinaona anzanga angapo akutha ufa pakati pa teremu n'kuyamba kudalira amuna a pamsika. Ngati palibe kuchitira mwina, makolo avomereze, aphunzitsi aakulu adziwe, ndipo pangano la nyumba lipangidwe ndi munthu wamkulu. Mtsikana woyembekezera adziwenso kuti kuthamangitsidwa pakhomo kumamuika m'gulu la ana ofunika chitetezo, komanso kuti ndondomeko ya boma imamulola kubwerera kusukulu akabereka.

Chowawa chomwe palibe ofesi inandikonzekeretsa chinali mawu a anthu. Kumudzi kunamveka kuti ndamangitsa munthu yemwe ankandidyetsa, ndipo achibale ena a mbali ya mayi ananditumizira mawu oti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwo ndi woona, ndipo ine sindinawakane mayi anga, koma anthu ankaugwiritsa ntchito pofuna kuti ndibwerere kukakhala chete. Miyezi isanu mayi sanabwere. Ndinkagona ndikudzifunsa ngati sindinapasule banja lawo, ndipo mlangizi wa pa 116 ndinamuyimbiranso kangapo, osati chifukwa cha choopsa chatsopano, koma kuti ndingolankhula ndi munthu wosandiweruza. Mwana yemwe akuganiza zotsata njira imeneyi ayembekezere nthawi yotereyi, ndipo asaiyese chizindikiro choti analakwitsa. Asungenso bwino mapepala ake, monga kabuku ka kuchipatala, malipoti a kusukulu, chitupa cha unzika ngati wakwana zaka 16, ndi kalata iliyonse ya ku khoti, makamaka pozisiya kwa wamkulu wodalirika asanachoke, popeza zanga zina zinatenthedwa nditatuluka.

Mayi anabwera mwezi wachisanu ndi chimodzi, atasenza thumba la chimanga lija, khanda lili kumsana, mlongo wanga akuwatsatira pambuyo. Sanapepese ndi mawu, ndipo ine sindinawafunse. Atadya nsima anapempha kulankhula ndi azakhali kuseri, ndipo pobwerera kumudzi anapita okha ndi khanda. Mlongo wanga, yemwe anali Sitandade 6, anatsala. Iye sanadutse ku polisi, kuchipatala kapena ku khoti. Mayi anavomereza okha, amfumu a kumudzi kuja analemba kalata ya mizere inayi yotsimikiza kuti mwanayo wapita kwa azakhali ake makolo akudziwa, aphunzitsi aakulu anapereka kalata yosamutsira sukulu, ndipo azakhali anakanena ku ofesi ija kuti ana a malemu achimwene awo tsopano ali nawo onse awiri.